Zimene ndachita ndi laputopu ya Timoti

Chimwemwe, Kitwe
15 Julaye 2024

Alongo anga a Keziya,

Ndikupatsani moni. Muli bwanji kumeneko ku Zingalume? Amayi mwendo uja ukuwalola kufika kudimba, kapena akungokhala pakhonde? Alamu a Philemon ndi ana ali bwanji? Ine thupi lili bwino. Chimfine cha nyengo yozizira ino chinandigwira sabata yatha, koma chapita.

Kalatayi ndapatsira a Dominic, aja amabweretsa mtedza kuno. Akuti Lachinayi adzakhala ali pa boma. Mudabwa kuti munthu wokhala ndi foni akulemba papepala. Ndayesa kawiri kukuimbirani, kawiri konse ndinadula isanalire. Werengani muli nokha, amayi musawawerengere kaye.

Za kuno ndi zomwezija. Magetsi akubwera maola atatu kapena anayi pa tsiku, ndipo sauza munthu nthawi. Akabwera amabwera ndi ukali n'kuotcha zinthu za anthu, ndiye ntchito yanga ya mafiriji ndi masitovu yachuluka. Ndinakangana ndi mwini nyumba pa nkhani ya mpope, tinagwirizana. Zonsezi ndangolemba kuti ndichedwe kufika pa nkhani yeniyeni, koma mukundidziwa, kuzungulira sindikutha.

Nkhani ndi iyi. Zithunzi ndi mavidiyo zimene zinali mu laputopu ya malemu mng'ono wanga Timoti ndafufuta. Ndine, ndi chala changa. Palibe wakuba, palibe mwana amene anaseweretsa.

Mukukumbuka tsiku logawa katundu, maliro atatha, pamene atsibweni anati laputopu ipite kwa ine poti ndine wa zamagetsi. A Lydia, amake Tadala, sanakane ngakhale chinali chinthu cha mwamuna wawo. Anangogwada n'kupempha kuti ndisanayambe kuigwiritsa ntchito ndiwatulutsire zithunzi ndi mavidiyo, chifukwa foni ya Timoti inaphwanyikira pa ngozi pomwepo, ndipo zonse ankasamutsira mu laputopumo. Anati Tadala ali ndi zaka zitatu zokha, mawu a bambo wake sadzawakumbuka. Ine ndinayankha mokweza, anthu onse akumva, kuti imeneyo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Inu munalipo.

Nditafika nayo kuno ndinapeza kuti ndi yokhoma. Ukaiyatsa imafuna pasiwedi, ndipo pasiwediyo mwini wake anapita nayo kumanda. Ndinayesa dzina la Tadala, la a Lydia, chaka chimene Timoti anabadwa, dzina la sukulu imene ankaphunzitsa ku Mlolo, ngakhale dzina la ng'ombe ija ya atate yothyoka nyanga. Inakana zonse.

Ndinapita nayo kwa okonza makompyuta m'tauni. Woyamba anati aifomate, ndiye kuti kufufuta zonse n'kuyambiranso. Ndinamufunsa ngati wamva chimene ndabwerera. Wachiwiri ataona zovala zanga za girisi anayamba kundilankhula ngati mwana wa giredi wani. Ndinamuuza zimene ndinamuuza, n'kunyamula katundu wanga. Panjira ndinkati firiji palibe anandiphunzitsa, wailesi palibe anandiphunzitsa, ichinso ndichidziwa ndekha.

Masabata ambiri ndinkawerenga pa foni ndi kuonera anthu ofotokoza. Mmenemo ndi momwe ndinadziwira za Linux. Ndikufotokozereni pang'ono kuti mumve pamene ndinalakwira. Kompyuta imakhala ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse, ndipo ya Timoti inali Windows, yokhomayo. Linux ndi ina ya ntchito yomweyo, koma yaulere, yolembedwa ndi anthu ambirimbiri a m'maiko osiyanasiyana. Aliyense ali ndi ufulu woona mmene inapangidwira, ngati wailesi yochotsedwa chivundikiro cha kumbuyo. Zimenezo zinandikomera. Chinanso, ungathe kuiika pa fulashi n'kuyatsira kompyuta pa fulashipo, pasiwedi osakufunsa.

Ndinachita zimenezo Loweruka lina masana, mwezi wathawu, ndipo zinatheka ulendo woyamba. Ndinalowa ngati wolowera khomo la kuseri. Zinthu za Timoti zonse zinali pamenepo, zosanjidwa bwino monga ankasanjira makope a ana. Foda ina analemba kuti Sukulu, ina Kwaya, ina Tadala.

Mavidiyo analipo oposa makumi anayi. Ndinaonera awiri okha, ndipo ndikulemberani pano chifukwa tsopano atsala m'mutu mwanga mokha.

Mu vidiyo yoyamba, Tadala akuyamba kuyenda pabwalo pa nyumba ya aphunzitsi. Timoti sakuoneka, ndiye wagwira foni, koma mawu ndi ake. Akumuitana mwanayo kuti abwere, akumutcha mayi wake wamng'ono. Mwana waponda katatu, kenako wakhala pansi mwamphamvu n'kukwinya nkhope. Timoti akuseka mpaka chithunzi chikugwedezeka, akuuza a Lydia kuti abwere adzaone, mwana wakwiya ngati bambo wake wamkulu wa ku Kitwe.

Yachiwiri inajambulidwa ndi munthu wina. Timoti akuphunzitsa kwaya nyimbo ya pa Pasaka pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, wavala malaya aja obiriwira. Pakati pa nyimbo waimitsa, n'kuuza oimba besi kuti akuimba ngati akukankha ngolo m'matope, ayambirenso. A Prudence, mmodzi wa oimbawo, akuseka atabisa nkhope m'chitenje. Kenako wayamba yekha mzere woyamba kuti amve. Pamenepo ndinatseka. Sindikanatha kupitiriza. Ndinati enawo ndidzaonera mawa mtima utakhala pansi.

Apa ndi pamene mutu wanga unandinamiza. Poona kuti mafoda akuoneka mu Linux, ndinaganiza kuti alowa kale mmenemo, ali m'manja mwanga. Sindinadziwe kuti ndikungosuzumira, zinthuzo zikadali malo amodzi ndi Windows. Ndinafuna kuchotseratu chokhomacho kuti ndidzabweretse makina otseguka, a Lydia azidzayatsa okha nthawi imene afuna. Ndinadina poika Linux mu laputopumo. Inandifunsa ngati ikhale pambali pa Windows kapena ifufute zonse. Ndinasankha kufufuta, mumtima ndikuti Windows ipite ndi pasiwedi yake.

Inandifunsanso kachiwiri, ndi chenjezo. Chingerezi chake ndinachimva bwinobwino, sindinganame. Koma batire ya laputopuyi inafa kale, magetsi anali pafupi kuthima, ndipo ine chinthu chondifunsa kawiri chimandikwiyitsa. Ndinadina.

Sipanathe theka la ola. Inayaka bwino, yothamanga, n'kundipatsa moni. Ndinatsegula malo a zithunzi, mulibe kanthu. Malo a mavidiyo, mulibe. Pa fulashi, palibe. Ndinathima n'kuyatsa, kuthima n'kuyatsa, mpaka magetsi anapita ine ndili chikhalire.

Kutchalitchi kwathu kuno kuli mayi wina, a Jenipher, amaphunzitsa za makompyuta pa koleji. Miyezi yonseyi ndinkawapatsa moni n'kudutsa osawafunsa kanthu, poopa kuoneka mbuli. M'mawa mwake, Misa itatha, ndinawalondola. Sanandinyoze, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kunyozedwa. Anangofunsa ngati ndinakopera zinthuzo kwina ndisanayambe. Nditavomera kuti sindinakopere, anati wina aliyense woyamba kumene amauzidwa zimenezo poyambirira, ndipo kuti Loweruka lija, pamene mafoda ankaoneka, ndikanangowakokera pa fulashi ina. Ntchito ya ola limodzi. Anandiletsa kuiyatsanso, akuti chilichonse chatsopano chimalembedwa pamwamba pa zakale, ndiye kuyatsayatsa kwanga kuja ndinkangoonjezera.

Anatenga disiki ya m'katimo n'kuisanthula masiku awiri ndi pulogalamu ina, yaulerenso. Zinatuluka zinthu zoposa zikwi zinayi, zopanda maina, zosakanikirana ngati zotola pa nyumba yopsa. Ndakhala ndikutsegula chimodzichimodzi magetsi akabwera, ndipo dzulo ndamaliza. Zambiri ndi mayeso a ana a sukulu, maina a ana, zithunzi za chimanga chodyedwa ndi mbozi. Zooneka nkhope ya Timoti ndapeza zisanu ndi zinayi, ziwiri mwa izo theka lake ndi lotuwa. Za Tadala zilipo khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mavidiyo palibe ndi imodzi yomwe imene ikutseguka. A Jenipher akuti zatsala ndi zidutswa, ndipo safuna kundipatsa chiyembekezo chabodza. Mawu ake mulibe, alongo, ngakhale kutsokomola.

Mwina muganiza kuti mu foni yanga muli mauthenga a mawu amene ankanditumizira. Mulibe. Chaka chatha, atandidzudzula chifukwa chokalipira amayi pamene ankakana kupita ku kiliniki, ndinakwiya n'kufufuta zonse zimene ananditumizirapo. Tinagwirizana pa Khirisimasi, koma kuchokera pamenepo ankangoimba foni. Izi sindinauzepo munthu. Ndiye mng'ono wanga ndamufufuta kawiri.

Makinawo akuyenda bwino kuposa kale. A Jenipher atakopera disiki yonse kwina anandilola kuwagwiritsa ntchito, ndipo ndaphunzira kulembapo, kuika mapulogalamu, ndi kusunga chinthu malo awiri, nzeru yofika mochedwa. Linux sindikuiimba mlandu, inandifunsa kawiri. Mnzanga wina wa pa msika, pofuna kunditonthoza, anati madzi akatayika saoleka. Ndinamuyankha kuti mwambi umenewo umakoma madziwo akakhala ako. Amene ndataya ine anali a mwana wamasiye.

A Lydia amandiimbira foni Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, atakwera pachulu chija cha kuseri kwa sukulu pamene pamagwira netiweki. Lamlungu loyamba nditafufuta ndinawauza kuti ntchito ikuyenda. Linali bodza. Otsatirawo onse sindinayankhe, ndinkangoyang'ana foni ikulira patebulo mpaka isiye. Dzulo atumiza uthenga, akuti akudziwa kuti ndine wotanganidwa, ndisadzivute, adikira. Ine amene ndimadzitama kuti munthu ndimamuuza pamaso, amene ndinauza atsibweni zoona zawo pa msonkhano wa banja, ndathawa mkazi wamasiye mwezi wathunthu.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu likudzali la pa 21 mupite ku Mlolo. Ndikudziwa kuti ndi mtunda ndipo muli pa ntchito yotong'ola chimanga, koma alamu akuperekezeni pa njinga. Mukafika, Tadala mumusiye kaye kwa anansi. Mukwere nawo a Lydia pachulu paja, mukhale pansi, kenako mundibipe. Ndiimba ndine, ndipo ndiwauza ndi pakamwa panga. Inu musayambe kuwauza, ndipo ndikamaliza musandichepetsere mlandu ndi mawu akuti sanachite dala. Chimene ndikufuna n'chakuti pomva asakhale okha, ndipo potsika pakhale wowagwira dzanja. Akafuna kunditukwana muwasiye, ndimvetsera mpaka amalize. Akadula foni musawakakamize kuimbanso.

Zithunzi makumi awiri ndi zisanu zija ndatsukitsa, zili mu envelopu yachiwiri imene a Dominic akupatseni. Muwapatse ndikatha kulankhula, osati ndisanayambe, angasangalale kaye n'kuyesa kuti zina zikubwera.

A Jenipher akuti mwina m'mafoni a anthu a kwaya, makamaka a Prudence, mungakhale mauthenga a mawu a Timoti kapena kavidiyo, ngati sanafufute pofuna malo. Mwina. Koma musafunse munthu a Lydia asanamve, nkhaniyi isawafike kudzera kuchitsime. Akamva, ndipo akalola, ndidzabwera ndekha mu Ogasiti kudzayenda khomo ndi khomo. Laputopu ndidzabwera nayo. Ndi yawo, kaya atsibweni anena zotani.

Amayi ndidzawauza ndikadzafika. Pakali pano muwapatse moni wanga, muwauze kuti mankhwala opaka aja ndawapeza, ndidzabwera nawo, ndipo asamapite kudimba mame asanakamuke. Moni kwa atsibweni ndi akazi awo, kwa alamu a Philemon, ndi kwa ana anu Mphatso ndi Thokozile. Tadala mumunyamule m'malo mwanga. A Lydia musawapatse moni wanga. Sindinafike poyenera kuwatumizira moni kudzera mwa munthu.

Lamlungulo foni ndidzatchajira kwa aneba amene ali ndi sola, ndipo sindidzachoka pakhomo. Ikadzalira ndidzaimba nthawi yomweyo.

Tsalani bwino, alongo. Mundipempherere kuti mawu asadzandithawe.

Ndine mlongo wanu,
Ezara