Dzina la Atate Lapezeka ku Burma

Greenbelt, Maryland
16 Novembala 2005

Wokondedwa mlongo wanga Ismael,

Salamu alaikum. Uli bwanji ku Ntaja kumeneko, pamodzi ndi alamu anga a Ashura ndi ana onse? Mwendo uja unaphwa, kapena ukukanabe chipatala monga mwa khalidwe lako? Ine ndili bwino, kungoti kuno kwayamba kuzizira, ndikuvala ngati mtolo wa kaunjika. Mwana wanga Munira ali bwino. Amalawirira ku ntchito yake ya unamwino ku Bethesda, ine n'kutsala ndikuyang'anizana ndi makoma.

Usaseke malembo angawa. Sukulu ndinalekera Sitandade 2 chifukwa chobereka iwe kumsana, ndipo unali wolemera ngati thumba la mchere.

Ndapeza mnzanga kuno. Ndi Mmwenye, gogo ngati ine, dzina lake Mayi Kaur, wa khomo loyang'anana ndi lathu. Tinadziwana pa makina ochapira zovala titalimbirana dengu. Chingerezi sachidziwa, changanso ukuchidziwa, ndiye timacheza ndi manja. Iye amanyoza ndiwo zanga kuti zilibe tsabola, ine ndimanyoza chapati chake kuti munthu ungaonere dzuwa. Timagwirizana kwambiri.

Loweruka anabwera atavala zoyera, maluwa achikasu ali m'manja, n'kuyamba kundikoka. Mwana wake wamwamuna, bambo wovala nduwira, anafotokozera Munira kuti akupita ku Washington kukakumbukira agogo ake amene anafera ku nkhondo ya Hitila, ndipo mayi akewo akana kupita popanda ine. Tinapita tonse anayi pa sitima ya pansi pa nthaka.

Malowo ndi bwalo lalikulu la miyala yoyera, madzi akutumphuka pakati, ndi khoma lodzaza nyenyezi zagolide. Munira anati nyenyezi imodzi ikuimira asilikali zana a ku Amereka amene anafera kunkhondo. Tsono pakamwa panga ukupadziwa. Ndinati amufunse mnzangayo kuti Mmwenye akudzalira chiyani pa maliro a eni ake.

Anayankha kudzera mwa mwana wake kuti atate ake anafera ku Burma iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Manda alibe. Dzina lawo lili pa chipilala cha kumeneko, chimene iye sadzachiona ndi maso. Anati nkhondo inali imodzi, ndiye amalirira pamene miyendo yake yatha kufika.

Nditangomva Burma, ndinatsonya anthu n'kutembenuka. Ndinati kumeneko ndikukudziwa, ndi kumene atate anga anapita ndi asilikali a Keyala, n'kupezako mkazi wachimwenye, n'kuiwala mkazi woyembekezera ndi mwana wamkazi kumudzi. Ndinatinso afufuze bwino, mwina kwawoko ndili ndi ang'ono anga. Munira anafuna kulowa pansi ndi manyazi, koma ndinamuuza amasulire zonse, asameze liwu ndi limodzi lomwe.

Bambo wa nduwirayo sanaseke. Anafunsa dzina lonse la atate ndi chaka chimene anachoka. Anati pa chipilala chimene pali agogo akewo palinso maina a asilikali akuda ambirimbiri, ndipo mainawo amapezeka pa kompyuta.

Lamulungu masana bambo uja anagogoda, pepala lili m'manja. Ismael, ngati waimirira khala pansi. Dzina lilipo. Sheriff Amidu, wa Keyala wa ku Nyasalande, anamwalira pa 3 Novembala 1944. Iwe unali usanayambe n'kuyenda komwe.

Za mkazi wachimwenyezo ndinazimva kwa a Medson, msilikali mnzawo wa atate, atabwerako kunkhondo, ali chiledzerere pamsika. Amayi sanazikhulupirire mpaka kufa kwawo. Ine ndinazimeza, n'kuzilera zaka makumi asanu ndi limodzi ngati mwana wobereka ndekha.

Ndikudziwa chimene ukuganiza tsopano, chifukwa inenso ndi chomwecho chimene chikundikanika kumeza. Chaka cha 1978 unagula mbuzi ndi mpunga, unaitana mashehe kuti atate achitiridwe sadaka. Ine ndinabwera, n'kukankha mphika wa mpunga ndi phazi anthu onse akuona. Ndinati sadaka sachitira munthu wamoyo amene akunona ndi akazi kutsidya la nyanja. Mashehe anatola nsapato zawo n'kumapita. Iwe sunanditukwane. Unangogwada n'kumatola mpunga m'dothi. Bola ukanandimenya, mlongo wanga, bwenzi nditaiwala.

Kuyambira tsiku limenelo umandipatsa moni ngati mlendo wa pa basi. Ndinkati ndi mwano wako. Unali ukulira atate, ine ndikukuletsa.

Mayi Kaur atamva, anabwera ndi maluwa amene anatsala, n'kukhala nane pansi pa kapeti. Anandisisita mapazi, akulankhula chinenero chake, ine ndikulira m'changa. Kenaka anandiphikira mphodza, ndipo tsabola anachepetsa. Pamenepo ndinadziwa kuti ndafikadi pomvetsa chisoni.

Tsono pempho langa ndi ili. Chitira atate sadaka mvula isanalimbe. Itana mashehe awawerengere mapemphero a duwa, itana mudzi wonse, ngakhale ana a Medson abwere adye, iwo alibe mlandu. Pepala lija ndaliika m'kalata muno. Uimirire pamaso pa anthu uliwerenge mokweza, ndipo unene kuti mlongo wako Rukaya ndiye ananamizira atate ake. Usandikometsere. Amene anaona phazi langa pa mphika, ena alipobe, amve.

Pali chinanso chimene ndinakubisira chifukwa cha mkwiyo. Tsiku lochoka, atate anagwira mimba ya amayi n'kunena kuti akabadwa wamwamuna akhale Ismael. Ine ndinali pakhomo, ndinamva ndi makutu angawa. Dzina lako anakupatsa ndi iwo.

Ukandikhululukira, undiyankhe ndi dzanja lako, osati kutuma uthenga pa foni ya ana. Ukakana, sadakayo ichitikebe.

Undiperekere moni kwa alamu anga, kwa mwana wako Taufiq ndi banja lake, ndi onse a pamzikiti. Allah akusunge, akupepuzire mwendowo, awapatse atate malo abwino.

Moyo wanga wonse ndakana kuitanidwa ndi dzina la atate. Lero ndisaina nalo.

Ndine mlongo wako,
Abiti Sheriff