Buku la Sara Lathera mu Utsi wa Fodya

Namitete,
9 Julaye 1956

Okondedwa achimwene a Levison,

Muli bwanji ku Halaleko? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tadzuka, mayi mwendo ukuwavutabe koma akuyenda. Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima ukuwira.

Paja ndinakuuzani za Sara, kamtsikana kaja kanathawa ndi amake kuchokera kwa Apwitikizi, amake n'kumwalira atangofika kuno. Ndinakatenga ine. Miyezi isanu mwanayo osatulutsa mawu, ngakhale kulira kumene. Anthu ankati anabadwa wosalankhula.

Anatithandiza ndi aphunzitsi a Lazaro a kusukulu ya mishoni. Anatenga kope n'kujambulamo ndi mapensulo amitundu nkhani ya ana awiri othawa kwawo. Apa akuwoloka mtsinje atagwirana manja, apa akugawana chinangwa, apo afunda nsalu imodzi. Anapatsa Theresa wanga kuti azionera limodzi ndi mnzakeyo. Tsiku lachitatu Sara analoza chithunzi n'kuuza Theresa kuti uyu ndine, uyu ndiwe. Achimwene, ndinaponya munsi pansi n'kuyamba kulira. Kuchokera apo mwana anayamba kucheza ndi kuseka, ndipo bukulo ankagona nalo.

Tsono tamvani zimene achita alamu anu a Nasoni. Sabata yatha ali kuchigafa kusankha fodya ndi anzawo, pepala lopichirira ndudu linawathera. Analowa m'nyumba, kusolola bukulo pansi pa mphasa ya ana, n'kumathothola masamba kugawira anzawo ngati mtedza. Amuna anayi a ndevu zawo kusuta buku la mwana wamasiye! Manyazi alibe anthu amenewa?

Nditawafunsa, akuti pepala la kusukulu limayaka bwino, ndipo zithunzi sizidyedwa. Akutinso mwana wobwera asatilamulire pakhomo. Wobwera! Iwowo mchombo wawo unagwera pamudzi pano? Si akamwini kodi? Ndinawauza pamaso, anzawo akumva, ndipo sindipepesa.

Koma ndisakubisireni, nanenso ndili ndi mlandu. Ndinawaona akutuluka nalo bukulo. Ndinayesa mtima wawo wafewa, akufuna kuona zimene ana amasekerera. Mpaka ndinamwetulira, chitsiru ine.

Sara sanalire. Anapita kuchigafako n'kutola tizidutswa ta ndudu, kumafunyulula kamodzikamodzi. Anangopeza kadzanja kokha ka pachithunzi, kopserera m'mbali, ndipo wakamanga kunsonga ya nsalu yake. Chiyambire tsiku limenelo pakamwa pake patsekekanso. Theresa akamuitana kukasewera amangokhala duu pakhonde.

A Lazaro akuti atha kujambulanso, koma mapensulo aja anatha, ndipo m'masitolo a kuno ndafunsa, mulibe. Chonde gulani kope ndi mapensulo amitundu, mupatsire aliyense wobwera kumudzi mwezi uno. Nsalu munandilonjeza ija isiyeni, ndivala zomwezi. Ndikuopa kuti tikachedwa mwanayu sadzalankhulanso.

Komanso mwini mbumba ndinu. Alembereni mawu alamu anuwo, chifukwa ndikatsegulanso pakamwa ine, ndiwamangira katundu wawo azipita kwawo ku Kasiya.

Mulungu akusungeni pantchitopo. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Evelyn ndi ana onse. Mayi ndi Theresa akuti moni wambiri. Sara ndamufunsa katatu ngati ndimulembere moni kwa amalume. Wangondiyang'ana.

Ndine mlongo wanu,
Loyce