Ndimtenge Nuru kapena ndipite kusukulu kunja?

Aphungu,

Ndimaphunzitsa za chisamaliro cha ana pa yunivesite ina. Ndikulemba ndili kwathu ku Nkope, pakhonde lomwe ndinakulirapo, ndipo mutu waima.

Mayi anga atamwalira ndili Sitandade 3, azakhali anga a Halima anabwera pa lole kudzanditenga ku Namwera. Anali kale ndi ana asanu, amuna awo atalowera ku Joni osabwerako, koma sanawerenge pakamwa. Ndimakumbuka m'mawa tikuyanika usipa pa thandala. Tikamaliza ankadula ndimu n'kundipaka m'manja kuti anzanga kusukulu asandiseke fungo, kenako n'kundithamangitsa ndi chitenje kuti ndisachedwe. Mpaka lero ndikanunkhiza ndimu, mtima umabwerera pakhonde lino. Masiku amenewo ndimawasowa, ngakhale tinkagona anayi pamphasa imodzi. Zonse zomwe ndalemba pa kafukufuku wanga, zoti mwana wamasiye amakula bwino kwa achibale, ndimalemba ndikuona nkhope yawo.

Pano akalamba, maso sakuonanso bwino. Mdzukulu wawo Nuru, wa zaka 12, mayi ake anamwalira chaka chatha, ndipo wayamba kujomba kusukulu. Dzana azakhali anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mtenge, mwanangu. Manja angawa sangathenso kufinya ndimu."

Chomwe sakudziwa n'choti ndapeza mwayi wokachita digiri ya PhD kunja kwa zaka zinayi. Ndakhala ndikuyesa kuyambira kalekale, ndipo popanda digiriyi sindingakwere pantchito. Ndinangowayankha kuti ndamva. Nditani?

S.D., Mangochi

Zikomo a S.D.,

Choyamba, lekani kuwabisira azakhali. Mayi amene analera ana asanu ndi mmodzi ndi usipa sangakomoke ndi nkhani ya ndege. Auzeni sabata ino. Mandimu aja sankakupakani kuti mudzathere pakhonde, ndiye digiriyo musaitaye.

Komanso m'kalata yanu yonse sindinamvemo mawu a Nuru. Inu katswiri wa za ana, mwamufunsa mwanayo? Khalani naye awiriwiri, mumve chomwe chikumujombetsa. Mwina akuopa kusiya agogo ake okha, ndipo zikatero muyenera kupezanso wowasamalira pakati pa ana awo aja.

Mukatero lemberani akusukulu yakunjayo. Afunseni ngati amalola kubwera ndi mwana amene mukumulera, ngati mungayambe chaka chamawa, kapena ngati kafukufuku wanu mungadzachitire ku Mangochi komweko. Ambiri safunsa chifukwa cha manyazi. Pitaninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma, akuuzeni za mapepala olera mwana, chifukwa amatenga nthawi. Zonse zikakanika, pezani wachibale amene Nuru wamuvomera yekha, osati amene wangoimika mkono atamva kuti muzitumiza ndalama.

Koma ndikuchenjezeni. Musamutenge lero chifukwa cha chisoni, mawa n'kumusiyira wantchito m'tauni inu mukukwera ndege. Mwana amene waika kale mayi ake m'manda asasiyidwenso mosauzidwa. Chomwe mwasankha, mumuuze nokha, maso ndi maso.

Nkope yomwe mukuisowayo sinali thandala kapena khonde, anali munthu mmodzi amene anakwera lole kudzakutengani. Nuru naye akudikira kuona amene abwere.

Aphungu