Gitala ya mpingo yalira lero

Lachinayi madzulo. Lero mtima uli mbee.

Sabata yonseyi ndikaweruka kusukulu ndimaima pa shopu ya a Jafali, ati kutchajitsa foni, koma nkhani ndi TV yawo. Pali tchanelo choonetsa magulu akalekale oimba nyimbo za rock, azibambo a tsitsi lofika m'mapewa. Wina amakankha nsambo ndi zala mpaka gitala kulira ngati munthu.

Ndiye lero pokonzekera za kwaya ndayesa zomwezo pa gitala ya mpingo, pakati penipeni pa nyimbo ya chopereka. Azimayi onse anatembenuka. A Chimbalanga, otsogolera kwaya, anakweza dzanja, aliyense zii. Ndinati basi, gitala andilanda.

"Iwe, wazitenga kuti zimenezi?"

"Pa TV ya a Jafali, bambo."

Anapukusa mutu. "Ukukankha ndi chala chimodzi, n'chifukwa chake ikulira ngati mbuzi. Bweretsa kuno."

Abale inu! Bambo ofatsa aja anailiza gitala mpaka mayi Nachisale a m'kwayamo kugwira pakamwa. Pondibwezera anangoti, "Lamulungu usayerekeze."

Nsonga za zala zikuwawa, koma ndilibe nazo ntchito. Mawa ndikawafunsa a Chimbalanga ngati nawonso tsitsi lawo kale linkafika m'mapewa...