Mphika wa Niko

Kabwata, Lusaka
14 Juni 1983

Okondedwa alongo anga a Keziah,

Landirani moni wochokera kuno ku Lusaka. Kodi muli bwanji ku Katete, nanga mawondo a amayi akutani ndi chisanu chino? Ife tilipo, kungoti mlamu wanu Rhoda akutsokomola.

Masiku ano ndikungokumbukira tsiku lija amayi anasiya mtsuko wauwisi pansi pa nkhokwe n'kupita kukaphula nyemba. Niko wathu, akadali kamwana, anatola kabango kawo kodindira n'kuzunguliza khosi lonse la mtsukowo timaso tokhotakhota. Inu munathawa poopa mkwapulo. Amayi anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anati umenewo ukhala wa pakhomo. Tinamwera madzi mmenemo mpaka ine ndinapita kukaphunzira uphunzitsi.

Za m'tauni ndi zomwe zija, sopo ndi mafuta ophikira timachita kuimira pamzere. Koma chandilembetsa kalatayi ndi china, ndipo muiwerenge muli nokha.

Chimwalirireni Niko ku Mangalande, amayi akudikira bokosi. Alongo anga, bokosi silibwera. Mkazi wake wachizungu uja, Helen, anafika sabata yatha ndipo akukhala kwa anzake ku Woodlands. Thupi analiwotcha konko, monga ena amachitira kumeneko. Wabwera ndi phulusa m'kachitini kokwana m'chikwama cha m'manja.

Helen akuti Niko anasankha yekha ali m'chipatala, poopa kugona m'manda akutali kumene wa kwathu sangapondeko. Poyamba sindinakhulupirire, koma ndinakumbukira ntchito yake ku nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ankamata mapale a miphika ya anthu akale otchedwa Angulo-Sakisoni. Iwowa ankawotcha akufa awo, n'kuika phulusa ndi timafupa mumphika wokongoletsedwa, n'kuukwirira. Atabwera kudzacheza ulendo womaliza uja anandionetsa zithunzi zake, mizere ndi zidindo m'khosi ngati za amayi. Ananena kuti poyang'ana chidindo amatha kuzindikira miphika yotuluka m'manja amodzi, ngakhale papita zaka zoposa chikwi. Chinkamuwawa n'chakuti miphikayo tsopano ili pamashelefu, uliwonse ndi nambala yake, ndipo ina ofukula akale anakhuthula eni ake n'kusunga mphika wokha.

Ndiye anasiya mawu akuti amayi amuumbire mphika, audinde ndi kabango kawo, phulusa lake lilowe mmenemo, aikidwe kumanda a kwathu.

Ndinapita ku Chelstone kukauza amalume a Phineas. Anakwiya kwambiri. Anati munthu si chikuni, ndipo anandifunsa kuti azimayi adzasambitsa chiyani, adzukulu adzanyamula chiyani, mlongo wawo adzaona nkhope iti. Anakana ndi kumuona komwe Helen. Mukudziwa kuti popanda mawu awo khasu silingagwe kumanda.

Helen abwerera kumapeto kwa mwezi wamawa. Wanena akulira kuti tikamukana mwamuna wake sadzamusiya pakhomo pa munthu, adzabwerera naye n'kumusunga m'nyumba mwake. Ndikaganiza za Niko ali pashelefu ku Mangalande, ngati anthu aja ankawamvera chisoni, chakudya sichilowa.

Pempho langa ndi ili. Muwauze amayi inuyo, pang'onopang'ono, amayi abusa ali pafupi, mbiri isanafike ndi anthu a pa basi. Mwina muyambire pa mtsuko uja. Akavomera, dongo mukakumbe kudambo n'kulikanda inuyo, popeza manja awo akunjenjemera, koma chidindo chikhale cha dzanja lawo. Mphika umafuna masiku kuti uume usanawotchedwe, choncho musazengereze. Akakana, mundiuze zoona, musandibisire.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu a Mathias, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Rhoda ndi ana akupereka moni.

Kalatayi ndinaiyamba dzulo. Lero m'mawa kwabwera a Elizabeth, akazi a amalume, kudzanena kuti amalume avomera kukumana ndi Helen kuno kwathu Loweruka masana. Za manda sanalonjeze kanthu. Angolamula kuti Helen abwere ndi kachitini kaja, ndiponso kuti Rhoda ayale mphasa yatsopano pabalaza, chifukwa mwana wa mlongo wawo sangaikidwe patebulo ngati katundu.

Ndine mlongo wanu,
Ezekiel