Zimene Ndinaona M'muzu wa Anyezi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Liwaladzi tilipo. Mtsinje wa Bua unadzaza, koma mpunga wa kudambo kwanu wapulumuka, wayamba kucha. Mkazi wa Yusufu wathu wabereka mwana wamkazi. Watenga mphuno yanu, mwana wosalakwa.

Nkhani ndi ya Zainabu, mdzukulu wanga uja munamusiya akukwawa. Pano ali Folomu 3. Anyezi anayamba kutha m'dengu, ndiye ndinapeza mwanayu atamukhazika pa makapu a madzi kuti amere mizu. Akuti amutuma ndi aphunzitsi a Bayoloje. Ndinamanga chitenje, ulendo kusukulu, kukafunsa ngati boma layamba kulipira aphunzitsi ndi anyezi wa akazi amasiye.

Mphunzitsiyo, kamnyamata kaulemu, sanandibwezere mwano. Anadula nsonga ya muzu, kuthira mankhwala ofiira, kupsinja pagalasi, n'kundiuza nditsinzine diso limodzi ndisuzumire m'makina awo aja, maikulosikopu. Amayi, m'muzumo muli tizipinda tondandana ngati njerwa. M'tizipinda tina muli tiulusi togawanika, tina uku tina uku, ngati asodzi pa zingwe ziwiri za khoka. Akuti kachipinda kamodzi kamasanduka tiwiri, tiwiri tinayi, ndipo ndi mmene chamoyo chilichonse chimakulira, ngakhale mwana m'mimba. Ine ndi pakamwa pangapa ndinafunsa kuti nanga tizipindato tikakana kuleka? Akuti m'thupi la munthu mumamera chotupa, khansa ija.

Za anyezi ndinaiwala.

Paja ndinakusambitsani ndine, ndi amayi a kumzikiti, tisanakuvekeni sanda. Chimene ndinaona pansi pa bere lanu lamanzere sindinauze munthu, poti wosambitsa maliro saulula za thupi. Munkati bwato limamira ndi kabowo kamene mwini wake wabisa ndi phazi. Mwambi munali nawo, koma phazi simunachotse.

Tsono nanenso ndili nacho. Bere lomwelo. Mwezi wa Ramadani chinali ngati nzama, pano chafika dzira la nkhanga. Sichipweteka, n'chifukwa chake ndinkachinyoza. Koma chibwerere kusukulu kuja ndimationa tizipindato ngakhale ndikuswali, tiwiri, tinayi, osapuma.

Ndinati ndipita kuchipatala tikakolola. Kenako ndinakumbuka kuti nanunso mutayamba kufooka, tikakukakamizani zopita kuchipatala, munkati tikakolola. Mpunga umenewo tinaphika pa sadaka yanu.

Dzulo ndinamugwiritsa Zainabu pamalopo. Sanalire. Anangochotsa dzanja pang'onopang'ono, n'kupita kukandichapira chitenje chopitira ku boma. Tinyamuka mawa. Mbalame zidye mpungawo, nazonso n'za Mulungu.

Ndikulonjeza kuti adokotala ndikawaonetsa osabisa, ndipo akanena zodula, adule. Ngati ndachedwa kale, mundiona. Koma musafulumire kundiyalira mkeka, Amayi. Ndimakukondani, kungoti sindinakusoweni mpaka pamenepo.

Ndine mwana wanu wamakani uja,
Mariamu