Kanyumba ka Adadi kali pamwamba pa paipi

Lolemba, 3 Julayi

Kwabwera bambo wa kukhonsolo, nsapato zili matope okhaokha. Akuti zimbudzi za mumsewu wathu zikubweza, paipi yaikulu yaphulika penapake. Wayeza kuseri, wayezanso, kenako waima pakhomo pa kanyumba ka Adadi n'kukanda mutu. "Mayi, kanyumba aka anakuuzani kuti kali ndi chilolezo?" Paipiyo imadutsa pansi pa bedi lawo penipeni. Adadi anali pawindo, akumuimikira dzanja lawo labwino lija, limene sitiroko inasiya.

Lachitatu, 5 Julayi

Atsimikiza. Kanamangidwa mwakuba, pamalo oletsedwa. Kagwetsedwe.

Nyumba ino tinaigulira kanyumbako basi. Yaikuluyi ndi yokwezeka pa nsanamira ngati zonse za kuno ku Grafton, poopa madzi osefukira, ndipo chidwalireni sitiroko Adadi sakwera masitepe. Anagulitsa munda wawo wa nthochi kuti adzakhale pafupi nane. Ndiwauza chiyani?

Ndakangana ndi mwamuna wanga. Gavin ndiye anakana kulemba munthu wa chiphaso woona za kugula nyumba. Anakopera timapepala pa intaneti, amvekere, "Noelene, n'kusaina basi, ine ndagulapo mathirakitala atatu." Lero ndamukumbutsa. Akuti, "Nanga iwe sunasaine?" Ndamuponyera nsanza yotsukira mbale, ndaphonya.

Lachisanu, 7 Julayi

Ndapita kwa Mayi Doukas, omwe tikanawalemba poyamba paja. Ofesi yawo ili pamwamba pa sitolo ya buledi, fungo lokhalokha. Sanandinyoze, bola akanatero. Atsegula mapu a malo athu, aloza kamzere kodukaduka kodutsa kuseri, akuti ndiyo paipi ija. Ine ndinkakaona kamzereko, ndinkayesa mpanda.

Akuti iwo asanalole munthu kukweza dzanja pa okushoni amayamba afunsa kukhonsolo ngati chilichonse chomangidwa chili chololedwa, chifukwa kanyundo kakagunda palibe kubweza. Ifenso tinagula pa okushoni. Ndafunsa za wogulitsa uja. Ali kutali ku Perth, ndipo tinasainira kuti tatenga nyumba mmene ilili. "Pepani mayi, mwandipeza maliro atatha." Ayesabe kutipemphera nthawi.

Ndalira m'galimoto, buledi ali pamiyendo.

Loweruka, 8 Julayi

Gavin wadzuka ndi nzeru zatsopano. Akuti atchinga pansi pa nyumba yaikulu, pakati pa nsanamira, apange chipinda. Ndaimbira Mayi Doukas. Akuti m'dera la madzi osefukira salola munthu kugona pansipo. Ndamuuza, wangoti, "Ndani angadziwe?" Mutu womwewo umene watifikitsa pano. Ndatopa naye.

Lachiwiri, 11 Julayi

Nthawi atipatsa, koma yochepa. Msewu wonse ukununkha, aneba asiya kutipatsa moni.

Ndinapita ndi tiyi kwa Adadi ndili wokonzeka kunama. Iwo ndiwo ayamba. "Iwe, ine ndafa mwendo, osati makutu. Akugwetsa liti?" Ndayankha kuti tipeza njira. Aseka ndi mbali imodzi ya kamwa. "Uja mpongozi wanga katswiri wa mathirakitala ndiye apeze njirayo?"

Andituma mabisiketi ena, akuti awa ndi ofewa.

Lachinayi, 13 Julayi

Mchemwali wanga Raelene akuti sangatenge Adadi, kwake n'kochepa. Ali ndi zipinda ziwiri zongosungiramo katundu.

Lamulungu, 16 Julayi

Gavin anati tiyese, aziwabereka Adadi kukwera ndi kutsika masitepe mpaka tione chochita. Adadi anavomera, sindikudziwa chifukwa chake. Anavala malaya awo a kutchalitchi.

Anawabereka bwinobwino, ine ndili pambuyo nditagwira lamba wawo. Pakati pa masitepe bondo la Gavin linagwedera, onse awiri anakhala pansi mwamphamvu, mutu wa Adadi unagunda chitsulo chogwirira. Sanavulale kwenikweni. Koma buluku lawo linanyowa, ndipo anaona kuti ndaona. Gavin amangoti, "Pepani bambo, pepani bambo," akulira ngati mwana. Sindinamuonepo akulira chikwatiranireni.

Adadi anati, "Nditsitseni." Titawakhazika pampando wawo pansi anandiyang'ana. "Imba kuja kosungira okalamba, Noelene. Usanditsutse."

Ndaimba. Akuti bedi lilipo limodzi, mwini wake wamwalira dzulo. Afunsa ngati tingabwere nawo Lachitatu. Ndati inde.